Khansa ya m'mapapo: kodi kwathu kulibe, kapena ikubisala kumbuyo kwa TB?

Nabanda (woyang'anira gulu):
Mwaswera bwanji nonse? Tinagwirizana kuti mwezi uno tikambe za khansa, ndiye ndayamba ndi imene yandizunguza mutu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti mwa khansa zonse, imene ikupha anthu ambiri padziko lonse ndi ya m'mapapo. M'chaka cha 2022 chokha anthu pafupifupi 2.5 miliyoni anapezeka nayo, ndipo pafupifupi 1.8 miliyoni anamwalira. Ndiye kuti pa anthu asanu alionse amene amwalira ndi khansa, pafupifupi mmodzi yamutenga ndi imeneyi.

Koma kuno kwathu timamva za khansa ya khomo la chiberekero, ya kummero, ya m'mawere, ya pakhungu ija ya Kaposi. Pamaliro sindinamvepo a kubanja akulengeza kuti malemu amadwala khansa ya m'mapapo. Chonsecho ndife dziko lolima fodya, ndipo pafupifupi tonse timaphikira nkhuni kapena makala. Kodi ndi mwayi wathu, kapena pali chimene sitikuchiona? Amene muli kuchipatala tithandizeni.

Tembo wa ku Chipata:
Ngakhale kuno ku Zambia ndi chimodzimodzi, amayi. Munthu akatsokomola miyezi iwiri, aliyense amangoti ndi TB basi.

Mbewe (kilinikala):
ANabanda mwafunsa bwino. Yankho lili pawiri. Mbali ina ndi yoona kuti kwathu matendawa ndi ochepa poyerekeza ndi ku Ulaya kapena ku China. Anthu athu ambiri ndi achinyamata, pamene khansa imeneyi imakonda kugwira anthu opitirira zaka 55 kapena 60. Komanso osuta athu ambiri amagula ndudu imodzi imodzi pa okala, sasuta paketi yathunthu tsiku lililonse monga ankachitira azungu zaka za m'ma 1950. Amayi osuta ndudu ndi ochepa kwambiri.

Koma mbali yachiwiri ndi imene imandisowetsa mtendere. Kuti munthu alembedwe m'kaundula wa khansa ku Blantyre, pamafunika kuti wina wake ayipeze kaye ndi kuilemba. Khansa ya khomo la chiberekero namwino atha kuiona ndi maso. Kaposi amaonekera pamwendo. Ya m'mawere mayi amaimva yekha ndi dzanja posamba. Koma chotupa cha m'mapapo chili mkati mwa nthiti, ndipo zizindikiro zake ndi zomwezo za chifuwa chachikulu: kutsokomola kosatha, kuonda, kulavula magazi, kupweteka pachifuwa, kusowa chilakolako cha chakudya. Ngakhale pa X-ray nthawi zina mthunzi wake umafanana ndi wa TB. Ndiye manambala athu ochepawo akusonyeza anthu amene anapezeka, osati onse amene anadwala.

Nasibeko wa ku Ntcheu:
Pepani ndilowererepo, chifukwa zimene akunena aMbewe zinachitika pakhomo pathu penipeni.

Malume anga, achimwene awo a mayi anga, anali munthu wa chingambwe kuyambira unyamata wawo. Ankapichira pa pepala la kope lakale, likasowa ankagwiritsa ntchito khoko la chimanga. Zala ziwiri za dzanja lamanja zinachita kusanduka zachikasu. Atayamba kutsokomola sitinadabwe, poti ankatsokomola kale m'mawa uliwonse. Chinatidzidzimutsa ndi tsiku limene azakhali anapeza timizere ta magazi m'kachitini kamene ankalavuliramo usiku.

Kuchipatala anapereka makhololo, makina anati TB palibe. Anawajambula, adokotala anaona chinthu choyera kumtunda kwa phapo lakumanja, n'kunena kuti ayambe mankhwala a TB. Malume anamwa mokhulupirika. Khadi lawo ndinaliona ndekha, lochongedwa tsiku ndi tsiku popanda mpata. Mkodzo unafiira monga anatichenjezera, ife n'kumati mankhwala akugwira ntchito. Miyezi 6 inatha, munthu akungotha. Lamba anachita kumuboola mabowo ena ndi msomali. Mawu anasasa mpaka ankalankhula monong'ona. Kenako m'mawa ankadzuka nkhope ndi khosi zitatupa, mitsempha ya pachifuwa itatuluka.

Kumudzi nkhani inasintha. Ena anati ndi kaliwondewonde akubisa, chonsecho anayezetsa kawiri konse alibe. Ena anayamba kuloza chala mbale wina amene ankalimbirana naye dimba. Mbuzi ziwiri zinapita kwa sing'anga. Mpaka lero mabanja awiriwo salankhulana bwino.

Titafika nawo kuchipatala chachikulu anawapopa madzi m'chifuwa, botolo lodzadza madzi ofiira. Apo ndi pamene dokotala wina anatiitanira pambali n'kunena kuti akuganiza kuti ndi khansa, ndipo yafalikira. Anadula kanyama pa mwanabele wa pakhosi kuti akayeze. Zotsatira zinabwera maliro titaika kale.

Nabanda (woyang'anira gulu):
Pepani kwambiri achemwali. Mulungu atonthoze banja lonse.

Agogo a Tadala:
Pepa mwanawe. Nkhani ngati imeneyi ndaiona kangapo m'mudzi mwathu, koma tinkangoti TB yakana mankhwala.

Mbewe (kilinikala):
Pepani aNasibeko. Ndikufuna kuti gulu limve bwino apa, kuti pasapezeke wina wotaya mankhwala a TB chifukwa cha zokambirana zathuzi. Kwathu kuno munthu wotsokomola nthawi yaitali, woonda, wolavula magazi, nthawi zambiri imakhaladi TB. Ndipo TB imatheka kukhalapo ngakhale makina oyezera makhololo a GeneXpert atanena kuti palibe, makamaka kwa amene ali ndi HIV. Ndiye kumuyambitsa munthu mankhwala potengera X-ray si kulakwa ayi, kwapulumutsa anthu ambirimbiri.

Vuto limakhala pa zimene zimachitika pambuyo pake. Munthu wa TB yeniyeni, imene si yokana mankhwala, akamamwa bwino amayamba kusintha pakatha masabata angapo. Kutentha thupi kumasiya, chakudya chimayamba kulowa, sikelo imakwera. Ngati pakutha miyezi iwiri munthu akungoipiraipira, makhololo sanasonyezepo TB, ndi wamkulu, ndipo anasuta zaka zambiri, pamenepo tiyenera kuima n'kufunsa kuti kodi tikuchiza matenda ake enieni? Pa mzere wa anthu 100 odikira panja, funso limeneli limatipulumuka. Ndiye achibale musaope kulifunsa inuyo. Nenani mwaulemu kuti, "Adokotala, mankhwala akumwa koma sakusintha, kodi sangajambulidwenso kapena kutumizidwa kuchipatala chachikulu?"

Zina zimene aNasibeko atchula ndi zizindikiro zofunika kuthamanga nazo: mawu osasa osabwerera, kutupa nkhope ndi khosi, madzi a magazi m'chifuwa. Onjezanipo kupweteka kwa phewa kapena msana kosamva panado, chibayo chobwerezabwereza mbali imodzimodzi, ndi nsonga za zala zotupa, zikhadabo zitapindika.

Nachisale (namwino, Leicester):
Ndikuwonjezereni za kuno, aMbewe, chifukwa ngakhale kumene makina ali mbwee matendawa amavutabe. Mnofu wa mapapo mkati mwake sumva ululu, ndiye chotupa chimakula mwakachetechete ngati chiswe m'phaso la denga, kunja mtengo ukuoneka bwinobwino. Odwala ambiri amene timalandira amabwera itafika kale kumafupa, kuchiwindi kapena ku ubongo. Kusiyana kwake ndi koopsa. Amene apezeka chotupa chili chaching'ono pamalo amodzi, oposa theka amakhala ali moyo pakatha zaka 5, chifukwa madokotala amadula mbali ya phapo imeneyo. Amene apezeka itafalikira thupi lonse, amene amafika zaka 5 ndi pafupifupi 5 pa 100 alionse.

N'chifukwa chake mu 2023 boma kuno ku England linalengeza kuti anthu a zaka 55 mpaka 74 amene amasuta kapena anasutapo aziitanidwa kukaunikidwa, ndipo amene ali pachiopsezo chachikulu azijambulidwa ndi CT scan, makina oonetsa mkati mwa chifuwa bwino kuposa X-ray, asanayambe n'komwe kudwala. Makinawo amawaika m'magalimoto akuluakulu, n'kukaimika pamalo oimika magalimoto a masitolo kuti anthu asavutike ulendo. Izi zinachokera, mwa zina, pa kafukufuku wa ku America amene anatuluka mu 2011, amene anapeza kuti kujambula kotereku kumachepetsa imfa za khansa ya m'mapapo ndi 20 peresenti pakati pa osuta kwambiri.

Abale athu amene muli kuno ku UK, kalata imeneyi ikafika kwa bambo kapena malume, musaiponye m'kabati. Ndi yaulere.

Phiri wa ku Santhe:
Ine ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete koma ndiyankhulepo. Ndine mlimi wa fodya wa bale, bambo anga analinso mlimi wa fodya. Sukulu ndinaphunzira ndi ndalama za ku okushoni ku Kanengo, ana anga pano fizi yawo ikuchokera m'chigafa. Nkhani zimenezi zikayamba, mapeto ake amakhala kutinyoza alimi ngati ndife akupha. Fodya wathu pafupifupi yense amapita kunja, ndipo ndi amene amabweretsa ndalama zakunja zogulira mafuta ndi mankhwala omwewo a m'zipatala. Komanso agogo anga anasuta kaliwo mpaka anakwana zaka 90, sanadwalepo khansa. Ndiye tisamangonamizira fodya chilichonse.

Chimwemwe wa ku Ndirande:
Bambo Phiri akunena zoona pa nkhani ya agogo. Nanenso ndikudziwa madala ena osuta koma amphamvu kuposa ife anyamata.

Nachisale (namwino, Leicester):
Bambo Phiri, palibe amene akukunyozani, ndipo nanenso ndinakulira pa ndalama za fodya ku Mchinji. Koma za agogowo ndiyankhe mosapsatira. Agogo amene anafika zaka 90 timawakumbukira chifukwa tinawaona. Anzawo amene ankasuta nawo limodzi n'kumwalira ali ndi zaka 55 sitinawaone, ndiye sitiwawerenga.

Funso limeneli linayankhidwa kalekale. Mu 1950 akatswiri awiri a ku London, Richard Doll ndi Austin Bradford Hill, anafunsa odwala m'zipatala n'kupeza kuti pafupifupi onse a khansa ya m'mapapo anali osuta. Anthu sanakhulupirire, poti nthawi imeneyo ngakhale madokotala ankasuta m'mawodi. Ndiye mu 1951 anayamba kutsatira madokotala aamuna oposa 34,000 a ku Britain, ndipo kafukufukuyo anapitirira zaka 50. Anapeza kuti pafupifupi theka la anthu amene amasuta moyo wawo wonse amafa ndi matenda obwera ndi fodyayo, ndipo osuta amataya zaka pafupifupi 10 za moyo. Theka linalo ndi kumene kuli agogo anu. Lero WHO ikuti pa odwala khansa ya m'mapapo 100, pafupifupi 85 chimayambitsa ndi kusuta. Mu utsi wa fodya muli makemikolo oposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa amenewa amadziwika kuti amayambitsa khansa.

Phiri wa ku Santhe:
Chabwino amayi, za kusutazo ndamva. Ineyo sindisuta. Koma ndifunse: ife amene timathyola, kusoka, kusankha ndi kudinda mabelo, fumbi la fodya lili m'mphuno miyezi itatu, ndiye kuti khansayo ikutidikira?

Mbewe (kilinikala):
APhiri, chiopsezo chachikulu cha khansa ya m'mapapo chili pa fodya wowotchedwa, utsi n'kulowa m'chifuwa. Kuthyola masamba onyowa ndi mame kuli ndi vuto lake lina: chikonga chimalowa kudzera pakhungu, munthu n'kumamva chizungulire, nseru, kusanza ndi mutu. Ana ndi amene amavutika kwambiri, ndiye asamalowe m'munda wa fodya. Fumbi la m'chigafa limayambitsa chifuwa ndi kubanika, choncho tsegulani kuti mphepo izidutsa ndipo phimbani kukamwa. Koma chimene ndimachiona kwambiri kwa alimi ndi matenanti ndi chakuti fodya ali pafupi, waulere, ndiye chingambwe chimayamba mnyamata ali ndi zaka 14. Chimenecho ndiye chowopsa, ndipo sichifooka chifukwa choti ndi cha m'munda mwanu chosadutsa ku fakitale.

Nabanda (woyang'anira gulu):
Ndipo tisaiwale kuti Malawi analowa m'pangano la WHO lochepetsa kusuta fodya mu 2023, atakhala kunja zaka zambiri. Panganolo silikuti mlimi azule fodya mawa. Muli zokweza msonkho wa ndudu, kuletsa kusuta pamalo a anthu ambiri, kuletsa kutsatsa, kuteteza ana, komanso kuthandiza alimi kupeza mbewu zina. Ine chimene ndikufuna kuona ndi choti mwana wa yunifolomu asamathe kugula ndudu imodzi pa okala.

Phiri wa ku Santhe:
Pamenepo tili limodzi. Koma za mbewu zinazo atipezere msika kaye. Soya ndinalima, mavenda anabwera ndi sikelo zawo, ndinalira.

Mwale wa ku Joni:
Moni nonse. Ndikufuna tikambeko za madala athu a kumigodi, chifukwa nkhani ya mapapo kwathu siingathe popanda iwowa. Bambo anga anapita pa Wenela ali mnyamata, anabwerera kumudzi Kamuzu ataimitsa ulendowu mu 1974 ndege ija itagwa ku Francistown n'kupha amalawi oposa 70. Kenako anapitanso pa TEBA mpaka kulemba amalawi kutatha chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Ankagwira ntchito yoboola mwala pansi pa mgodi wa golide. Amatiuza kuti akatuluka, malovu ankakhala otuwa ngati phala la simenti.

Pano ali ndi zaka za m'ma 70. Kuchoka pakhonde kufika kuchimbudzi amapuma kawiri panjira. TB anadwalapo kawiri. Ndipo fodya anaphunzira komweko ku komponi, anasiya posachedwapa. Kodi anthu ngati amenewa ali pati pa nkhani ya khansayi?

Mbewe (kilinikala):
AMwale, bambo anuwo ali m'gulu limene liyenera kuyang'aniridwa mwapadera. Fumbi la mwala wa m'migodi ya golide lili ndi silica. Tizidutswa take timakhazikika m'mapapo n'kupanga zipsera, matenda amene amatchedwa silicosis, ndipo sachoka ngakhale munthu atasiya ntchito zaka 40 zapitazo. Silicosis imatsegulira njira TB, n'chifukwa chake amadwala mobwereza. Fumbi lomwelo linaikidwa ndi bungwe la IARC, nthambi ya WHO yoona za khansa, m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa ya m'mapapo. Mukaphatikiza fumbi, zipsera za TB yakale ndi fodya, chiopsezo chimakwera. Amene anagwira m'migodi ya asbestos, mwala wa ulusiulusi uja, kaya ku Northern Cape kapena ku Zvishavane ndi Mashava ku Zimbabwe kumene amalawi ambiri anakhazikika, chiopsezo chawo ndi chachikulunso, makamaka ngati ankasuta.

Chovuta n'chakuti X-ray ya munthu wotere imakhala kale ndi mabala ambiri, ndiye chinthu chatsopano chimabisala mosavuta. Sungani ma X-ray onse akale ndi mabuku onse akuchipatala. Dokotala akaika yakale ndi yatsopano pamodzi amatha kuona chimene chasintha.

Mwale wa ku Joni:
Zikomo. Kwa ena amene muli ndi makolo otere, kuno kuli Tshiamiso Trust, imene inakhazikitsidwa khoti la ku Johannesburg litavomereza mu 2019 mgwirizano wa 5 biliyoni rand pakati pa makampani 6 a migodi ya golide ndi anthu amene anagwira ntchito kumeneko pakati pa 1965 ndi 2019. Chipukuta misozi chake ndi cha silicosis ndi TB ya kuntchito, ndipo amasiye a malemu nawonso atha kupempha. Kulembetsa n'kwaulere, ndiye wina akabwera kumudzi kufuna ndalama kuti akuthandizeni, mukaneni. Fufuzani makadi akale a kumgodi, nambala ija ndi yofunika kwambiri.

Tembo wa ku Chipata:
Kwathu ku Copperbelt nakonso madala a kumigodi ya kopa akutsokomola chimodzimodzi. Uthengawu ndiutumiza ku gulu la kubanja.

Agogo a Tadala:
Ana anga, ine ndili ndi funso la amayi. Mchemwali wanga sanagwirepo ndudu chibadwire, ngakhale fodya wa pamphuno. Koma anamwalira ndi chifuwa chimene madokotala anati ndi chotupa m'mapapo. Nanga iyeyu anachitenga kuti? Chimene ndikudziwa n'chakuti moyo wake wonse unathera m'khitchini ya udzu yopanda zenera, nthawi ya dzinja nkhuni zaziwisi, maso ali psuu, akuuzira moto ndi pakamwa mwana ali kumsana. Denga la khitchiniyo linali lakuda bii, mwaye ukulendewera. Komanso bambo a kunyumba kwake ankasutira m'nyumba momwemo usiku.

Nachisale (namwino, Leicester):
Agogo, mwatchula zinthu ziwiri zenizeni. Utsi wa fodya wa munthu wina umayambitsa khansa kwa amene sasuta, ndipo mkazi wogona m'chipinda chimodzi ndi wosuta kwa zaka 30 wapuma wambiri. Za utsi wa kukhitchini, umboni wamphamvu kwambiri unachokera ku Xuanwei, dera lina la kumidzi ku China, kumene amayi osasuta ankafa ndi khansa ya m'mapapo mochuluka zedi chifukwa chophikira malasha a utsi m'nyumba zopanda chumuni. Mabanja ataika mbaula za chumuni, matendawa anatsika. Utsi wa nkhuni akatswiri a IARC anauika m'gulu la zinthu zimene zikuoneka kuti zimayambitsa khansa, ndipo n'zodziwika kale kuti umabweretsa chibayo kwa ana ndi chifuwa chobanika kwa amayi achikulire.

Ndiye mayi wosasuta akamatsokomola osasiya, asabwezedwe ndi mawu akuti "inu simusuta, si khansa." Ndipo chodabwitsa, khansa ya anthu osasuta nthawi zina ndi imene imamva mankhwala atsopano. Kuno timayeza kanyama kaja kuti tione ngati muli kusintha kwina m'maselo a khansayo, pa jini yotchedwa EGFR. Kukapezeka, wodwala amamwa piritsi limodzi patsiku, monga osimertinib, ndipo ndaona amayi amene anabwera pa njinga ya odwala akubwerera kuntchito. Sikuti amachira kotheratu, koma amapeza nthawi yabwino ndi ana awo. Mtengo wake ndi umene uli kutali kwambiri ndi thumba la munthu wamba kwathu, ndipo zimandipweteka ndikaganiza za amayi a kumudzi.

Nasibeko wa ku Ntcheu:
Za khitchini zomwezi tingayambe lero. Kwathu tinagula chitetezo mbaula, nkhuni zimalowa zochepa ndipo kunja kukakhala kopanda mvula timaphikira pabwalo. Khitchini tinaiboola mazenera awiri moyang'anizana. Amayi poyamba ankakana kuti mphepo izimitsa moto, pano ndi amene amauza anzawo.

Chimwemwe wa ku Ndirande:
Ine ndivomere kuti nkhaniyi yandilowa. Ndili ndi zaka 29, ndinayamba kusuta ndili Fomu 2. Pano ndi ndudu 6 kapena 7 patsiku, Loweruka tikapita kokacheza timawonjezera shisha. Anzanga amati shisha ndi yabwino poti utsi umadutsa m'madzi. Komanso ndimayendetsa minibasi, tsiku lonse ndili mu utsi wa dizilo pa depoti. Kodi kusiya pano kuli ndi phindu, kapena zinawonongeka kale?

Mbewe (kilinikala):
Achimwene, phindu lilipo lalikulu, ndipo pa msinkhu wanuwo ndiye nthawi yake. Kafukufuku amasonyeza kuti amene asiya asanafike zaka 40 amapewa pafupifupi 90 peresenti ya chiopsezo cha imfa yobwera ndi fodya. Ngakhale wosiya atakula, pakatha zaka 10 mpaka 15 chiopsezo chake cha khansa ya m'mapapo chimatsika kufika pafupifupi theka la cha amene akupitiriza. Chimene chimawononga kwambiri ndi kuchuluka kwa zaka zimene munthu wasuta, ndiye kuchepetsa kuchoka pa 7 kufika pa 3 n'kupitiriza zaka 30 sikukupulumutsani. Kusiyiratu ndiye nkhani.

Za shisha anzanuwo akunamizani. Madzi amangoziziritsa utsi, sachotsa poizoni, ndipo mumapumanso utsi wa makala amene ali pamwambapo. Utsi wa dizilo nawo unaikidwa m'gulu la zoyambitsa khansa ya m'mapapo mu 2012. Umenewo simungauthawe kotheratu pa ntchito yanu, koma muzizimitsa injini podikira anthu, ndipo ndi chifukwa chinanso chochotsera fodya amene mungathe kumuchotsa.

Masiku atatu oyamba ndi amene amavuta kwambiri: kukwiya msanga, kusowa tulo, mutu. Pakatha masabata awiri kapena anayi zimayamba kuphweka. Chilakolako chikabwera chimatha pakapita mphindi zochepa, ndiye imwani madzi, tafunani mtedza kapena nzimbe, yendani pang'ono. Sankhani tsiku, muuze akunyumba ndi kondakitala wanu, ndipo mwezi woyamba pewani mowa chifukwa ambiri amagwera pamenepo. Mukaterereka tsiku lina, yambiraninso mawa lake.

Chimwemwe wa ku Ndirande:
Ndasankha Lolemba likubwerali. Akazi anga ndi oyembekezera, ndiye ndawauza kale. Ndidzakuuzani mmene zikuyendera.

Agogo a Tadala:
Limba mtima mdzukulu wanga, tikupempherera.

Nabanda (woyang'anira gulu):
Achimwene Chimwemwe, tili nanu. AMbewe, nditengereni ku mbali imene sitinaikhudze. Nanga banja likauzidwa kuti ndi khansa ndipo yafalikira, monga zinachitikira kwa aNasibeko, n'chiyani chimene chatsala? Anthu ambiri amangomva kuti "pitani naye kunyumba."

Mbewe (kilinikala):
Mawu amenewo ndimadana nawo, chifukwa chochita chimakhalapo nthawi zonse. Ena amathandizidwa ndi kemo, mankhwala olimbana ndi khansa, kuzipatala zazikulu, ku Kamuzu Central ku Lilongwe kumene kuli malo a khansa, ndi ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Imachepetsa chotupa ndi kuwonjezera masiku. Madzi a m'chifuwa amapopedwa, munthu n'kupumako bwino. Ndipo pali chisamaliro chochepetsa ululu: Tiyanjane ku Queens, Ndi Moyo ku Salima, komanso zipatala za maboma zambiri zili ndi anamwino ophunzitsidwa ntchito imeneyi. Morphine wamadzi amathetsa ululu, ndipo pa mlingo wochepa amachepetsanso befu. Mabanja ena amamuopa kuti amafulumizitsa imfa, koma akaperekedwa motsatira malangizo sizili choncho. Munthu amagona, amadya, amalankhula ndi ana ake. Mungopempha mankhwala ofewetsa m'mimba chifukwa amadzimbitsa.

Kunyumba, mukhazikeni chotsamira pa mapilo kapena bulangeti lopinda m'malo momugoneka chagada, tsegulani zenera, mupepeseni kamphepo kumaso. Moto ndi osuta akhale kutali. Ndipo khansa si yopatsirana. Musamupatulire mbale ndi kapu yake, musaletse adzukulu kulowa m'chipinda.

Nasibeko wa ku Ntcheu:
Chimenecho chikanatithandiza. Malume anakhala miyezi yambiri akudyera payekha kuseri kwa nyumba poopa kupatsira ana TB imene analibe.

Phiri wa ku Santhe:
Nkhani iyi yandikumbutsa tenanti wanga wina wachikulire. Chaka chino chonse akutsokomola, mankhwala a TB anamaliza mwezi wathawu koma sakuchira, ndipo chingambwe sachisiya. Mawa ndimutengera pa njinga yamoto kuchipatala. AMbewe, ndikanene chiyani kuti asangotipatsa mapiritsi a chifuwa n'kutibweza?

Mbewe (kilinikala):
Mwachita bwino aPhiri. Tengani buku lake lakuchipatala, khadi la TB ndi X-ray yoyamba ngati anamupatsa. Mukafika nenani zinthu izi momveka: wamaliza mankhwala a TB osadumphitsa koma sakuchira, wasuta zaka zakutizakuti, ndipo sikelo yatsika kuchoka pakuti kufika pakuti, manambala ali pa khadipo. Ngati akulavula magazi kapena mawu asasa, nenaninso, iye mwini asabise za fodyayo poopa kukalipiridwa. Akayezanso makhololo kuti aone ngati si TB yokana mankhwala, ndipo akayeza HIV ngati papita nthawi. Pemphani X-ray yatsopano kuti aifanizire ndi yakale. Zikapezeka kuti TB palibe koma mthunzi ulipobe kapena wakula, pemphani kalata yopita kuchipatala chachikulu kuti akaone za CT scan ndi kudula kanyama. Musachoke musanauzidwe tsiku lobwerera, ndipo lilembedwe m'bukumo. Mukalawire, anthu a X-ray amachuluka kukamacha.